ZOTAYIDWA KUMTUNDA ZIMADYEDWA KUMUNSI

Mawu amene adalankhulidwa pa bwalo la Idi ku Songani, itatha Swala ya Idi ya nsembe



A Shehe athu, mafumu athu, akuluakulu a komiti ya mzikiti, amayi ndi abambo, achinyamata, ndi inu ana athu a ku madrasa amene mwakhala kutsogoloku mutavala zatsopano, Idi Mubaraka kwa nonse. Tikuyamika Allah potisunga ndi moyo kufikira tsiku lalikulu la lero, ndipo tikuthokoza a komiti potipatsa mpata woti tiyime pamaso pa akuluakulu chonsecho ife ndife ana. Tikudziwa kuti mbuzi zamangidwa kale pamtengo, mipeni yanoledwa, ndipo amayi mitima yawo ili ku mpunga. Choncho sitizungulira. Nkhani yathu ndi ya madzi a m'mitsinje, makamaka zinthu zoipa zimene zikalowa m'madzimo sizichokamo.

Tiyambe ndi zimene tidaona ndi maso athu. Tsiku lina ku madrasa, mwana wina adabwera ndi kachigubu ka madzi akumwa ndi opangira wudhu. Kachigubuko kadali kotsukidwa bwino, madzi ake oyera kuti mbee. Koma titakatembenuza tidapeza kuti pambali pake padatsala chidutswa cha pepala, ndipo papepalapo padali chithunzi cha chigaza ndi mafupa awiri opingasa. Kadali kachigubu ka mankhwala opopera tomato. Titamufunsa mwanayo, iye adayankha mosaopa konse kuti, "Amwalimu, palibe vuto, amayi anatsuka ndi sopo katatu kumtsinje."

Mayi amene uja sitikumunena, ayi. Chigubu chatsopano n'chogula, ndipo ndalama tonse tikuidziwa momwe ikuvutira. Koma yankho la mwana uja lidatisiyira mafunso awiri. Loyamba: kodi sopo amachotsadi mankhwala amene adalowerera m'pulasitiki? Lachiwiri, ndipo ndilo lalikulu: nanga zimene zidatsukidwazo zidapita kuti? Zidapita ndi mtsinje. Ndipo kumunsi kwa mtsinjewo kudali mayi wina akutunga.

MADZI ATHU AMATHERA KUTI?

Abale athu, ife a m'chigwa cha Domasi tidadalitsika. Mapiri a Zomba ndi Malosa amatitsitsira madzi chaka chonse. Mtsinje wa Domasi, wa Songani ndi timitsinje tina timeneti ndi amene amathirira madimba athu, mpunga wa ku sikimu ya Domasi, ndi maiwe a nsomba. Tsono madzi onsewa ali ndi kumene amathera, ndiko ku nyanja ya Chilwa. Kumenekonso n'kumene kumathera Likangala, amene amadutsa mumzinda wa Zomba, pamodzi ndi Thondwe, Namadzi ndi Phalombe.

Apa mumvetsetse bwino. Nyanja ya Malawi ili ndi khomo lotulukira, ndilo mtsinje wa Shire. Koma nyanja ya Chilwa ilibe khomo. Madzi amalowa, potuluka palibe. Amachoka ndi dzuwa basi, kukwera kumwamba ngati nthunzi. N'chifukwa chake madzi a ku Kachulu amamveka kamchere. Amayi mukudziwa zimene zimachitika mukaiwala mphika wa ndiwo pamoto: madzi amaphwa, koma mchere umatsala pansi pamphika. Chilwa ndi mphika wotero. Nyanjayi n'njosaya, ndipo idaphwa mu 1968, mu 1995, ndiponso mbali yaikulu idauma mu 2018. Madzi akamaphwa, chilichonse chimene chidabwera ndi mitsinje, chimene sichiwola, chimatsala m'matope, ndipo mvula ikabweranso chimadikira momwemo.

Ndipo m'nyanja imeneyi ndi mmene mumachokera matemba, makumba ndi milamba imene timagula pamsika wa Songani. Ndiye mwaona kuzungulira kwake? Timataya kumtunda, mtsinje umanyamula, nyanja imasunga, nsomba imadya, wanjinga amatibweretsera, ife n'kuthira tomato ndi anyezi. Chimene udataya m'mawa chakupeza m'mbale madzulo.

UVE ULIPO WA MITUNDU IWIRI

Uve woyamba tonse tikuudziwa. Ndi uja wa zonyansa za m'chimbudzi, magazi, ndowe ndi zinyalala zowola. Umenewu umabweretsa kolera, kamwazi ndi kutsekula m'mimba. Sitidaiwale mliri wa kolera umene udayambira ku Machinga mu Marichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Uve umenewu ndi woopsa zedi, koma uli ndi mankhwala ake. Ukawiritsa madzi tizilombo timafa. Ukathira klorini kapena WaterGuard tizilombo timafa. Ngakhale mtsinje weniweniwo, ukapatsidwa mpata, umadziyeretsa pang'onopang'ono ndi dzuwa ndi mpweya.

Uve wachiwiri ndiwo tabwerera lero. Ndi zitsulo za poizoni ndi mankhwala osawola. Zitsulo zake ndi monga mtovu umene uli m'mabatire a galimoto ndi a sola, mercury amene ena amagwiritsa ntchito pogwira golide, cadmium, ndi chromium amene amagwiritsidwa ntchito m'mafakitale ofufuta zikopa ndi opaka zitsulo. Mankhwala ake ndi monga DDT ndi dieldrin amene makolo athu ankapopera m'minda, ndi PCB amene ankathiridwa m'mafuta a matiransifoma akale a magetsi. Zinthu izi si zamoyo, choncho sungaziphe. Wiritsa madzi tsiku lonse, mtovu sufa, ndipo madzi akamaphwa ndiye umachuluka m'madzi otsalawo. Thira klorini, sizimukhudza. Chitsulo sichiwola, ndipo mankhwala ngati DDT amakhala m'nthaka ndi m'matope zaka makumi.

China choopsa n'chakuti zinthuzi zimaunjikana m'thupi. Kachilombo kam'matope kamadya pang'ono. Temba amadya tizilombo tambirimbiri, n'kusunga zonse zimene tinali nazo. Mlamba umadya matemba ambiri, n'kusunganso. Pomaliza pamabwera munthu. Thupi silidziwa kuzitulutsa msanga: mtovu umakabisala m'mafupa, DDT ndi PCB zimakabisala m'mafuta a m'thupi, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amapatsirako mwana wake osadziwa. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, kotero kuti mwana amavutika kugwira maphunziro, ife aphunzitsi n'kumati ndi waulesi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidaika malire akuti mtovu usapyole mamaikulogalamu 10 mu lita imodzi ya madzi akumwa. Kuti timve bwino, imeneyo ndi galamu imodzi yokha m'migolo 500 ya malita 200. Ndipo bungwe lomwelo limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza. Nanga batire imodzi ya sola yophwanyidwa m'mbali mwa mtsinje ili ndi mtovu wochuluka bwanji? Makilogalamu.

MASO, LILIME NDI MPHUNO SIZIKWANA

Ana athu a ku madrasa, phunziro la twahara mudaliloweza. M'mazihabu a Imam Shafi timaphunzira kuti madzi ambiri, ofika makula awiri, ndiye kuti pafupifupi mgolo umodzi wa malita 200, sakhala najisi pokhapokha chonyansa chitasintha mtundu wake, kukoma kwake kapena fungo lake. Lamulo limeneli ndi loona ndipo ndi chifundo kwa ife, chifukwa likadapanda kutero bwenzi wudhu uli wovuta. Koma lamuloli likuyankha funso lakuti, kodi madziwa ndingapangire wudhu? Silikuyankha funso lakuti, kodi madziwa ndingamwetse mwana wanga zaka khumi? Madzi okhala ndi mtovu kapena mercury akhoza kukhala opanda mtundu, opanda fungo, okoma ngati a pakasupe. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa funso lachiwirili pali maphunziro ena amene tonse tidawamva kwa ma Shehe athu. Mtumiki (S.A.W) adaletsa kudzivulaza ndi kuvulaza ena. Adaletsa kudzithandiza pamalo otungapo madzi, panjira ndi pamthunzi pokhala anthu. Adaletsa kukodza m'madzi odikha. Adaphunzitsa kuti madzi ndi chimodzi mwa zinthu zimene anthu onse ali nazo gawo. Tsono ngati mkodzo wa munthu mmodzi udaletsedwa, chonsecho umatha m'masiku ochepa, nanga paipi ya fakitale yotulutsa poizoni usana ndi usiku? Yankho mukulidziwa nokha.

ZIMENE ZIDAONA ANZATHU

Ku Japan kuli tauni ya asodzi yotchedwa Minamata. Kumeneko kudali fakitale ya kampani ya Chisso imene inkathira madzi okhala ndi mercury m'nyanja. Poyamba anthu adaona amphaka akuzungulira ngati amisala n'kugwera m'madzi. Kenaka mu 1956 madokotala adalengeza za matenda achilendo: anthu kunjenjemera, kulephera kuyenda ndi kulankhula, ana kubadwa opuwala kuchokera kwa amayi ooneka athanzi. Onsewa adali odya nsomba za m'nyanja ija. Koma poti fakitale ndiyo inkalemba ntchito anthu ambiri m'tauniyo, nkhani inkangozembedwa, ndipo kuthira poizoni kudapitirira mpaka 1968. Zaka khumi ndi ziwiri, abale! Anthu oposa 2,000 adavomerezedwa ndi boma kuti adadwala matendawa, ndipo ena ambiri adavutika osawerengedwa. Pangano la maiko lochepetsa mercury, limene lidasainidwa mu 2013, lidatchedwa dzina la tauni imeneyi kuti dziko lisaiwale.

Mwina mukuti Japan ndi kutali. Chabwino, tibwere ku Zambia. Ku Kabwe mgodi wa mtovu udatsekedwa mu 1994, koma zaka zambiri pambuyo pake madokotala ankapezabe mtovu wochuluka m'magazi a ana obadwa mgodiwo utatsekedwa kale. Ndiponso pa 18 Febuluwale 2025, ku Chambishi, damu losungiramo zinyalala za mgodi wa mkuwa la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia lidagumuka. Malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi ndi zitsulo adalowa mumtsinje wa Mwambashi n'kutsikira mu Kafue, mtsinje umene ngakhale a ku Lusaka amamwa. Nsomba zidafa mtunda wa makilomita oposa 100, mbewu za m'mbali mwa mtsinje zidapsa, mzinda wa Kitwe udatsekeredwa madzi a m'mipope, mpaka boma lidatuma ndege kukathira laimu mumtsinje kuti asidi achepe mphamvu. Alimi ndi asodzi amene adagona ali ndi chuma chawo adadzuka ali manja lende. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kuno kwathu nkhani yodziwika ndi ya mtsinje wa Mudi ku Blantyre. Mudi amayambira cha ku Ndirande, n'kudutsa pakati pa mafakitale a ku Makata, kudutsanso m'tauni, ndipo madzi ake amakathera mu Shire. Ife tidakhalako ku Blantyre pa maphunziro, ndipo tinkawoloka mtsinjewu kawirikawiri. Tidauona ukusintha mtundu ngati bilimankhwe, tsiku lina wakuda, tsiku lina wotuwa ndi thovu pamwamba, fungo lake lochita kutseka mphuno. Koma kumunsi kwake tidaona amayi akuchapa, ana akusambira, ndi alimi akuthirira mpiru ndi repu wokagulitsa kumsika. Mu 2007 akatswiri a sayansi a ku Chancellor College, motsogozedwa ndi a Samson Sajidu, adasindikiza zotsatira za kafukufuku wa mitsinje ya mu Blantyre ndi malo oyeretsera madzi oipa, ndipo adapezamo zitsulo monga mtovu ndi cadmium. Mu 2011 akatswiri enanso a pa koleji yomweyo adasindikiza za Likangala wathuyu, ndipo adaonetsa kuti madzi ake amaipa akangodutsa m'tauni ya Zomba ndi pamalo othirapo madzi a zonyansa za mumzinda. Ameneyo ndiye Likangala amene amakumana ndi Domasi m'mbale imodzi ya Chilwa.

KODI LAMULO LIKUTI CHIYANI?

Ambiri timaganiza kuti mtsinje ulibe mwini, ndiye ulibenso lamulo. Si choncho. Malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994, pa gawo 13, amalamula boma kusamalira chilengedwe poganiziranso mibadwo yam'tsogolo. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la za madzi, m'malo mwa lakale la 1969, ndipo lamuloli lidabala bungwe la National Water Resources Authority. Malinga ndi lamuloli, munthu kapena kampani sangathire madzi oipa a m'fakitale mumtsinje popanda chilolezo. Mu 2017 kudabweranso lamulo latsopano la za chilengedwe, m'malo mwa la 1996, limene lidabala bungwe la Malawi Environment Protection Authority, ambiri amangoti MEPA. A Malawi Bureau of Standards nawo adalemba milingo imene madzi otuluka m'fakitale sayenera kupyola asanalowe mumtsinje. Za mankhwala a m'munda zili m'manja mwa bungwe la Pesticides Control Board, limene lidabwera ndi lamulo la mu 2000. Ndipo Malawi adalowa nawo m'pangano la ku Stockholm la mu 2001, limene lidayamba ndi kuletsa kapena kuchepetsa mankhwala osawola 12, kuphatikizapo DDT, dieldrin ndi PCB.

M'malamulo amenewa muli mfundo zitatu zimene aliyense pano apite nazo kunyumba. Yoyamba: ntchito yaikulu, monga fakitale kapena mgodi, isanayambe, payenera kuchitika kauniuni wa mmene idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo anthu a m'deralo ayenera kufunsidwa maganizo. Yachiwiri: woipitsa ndiye alipire. Mtengo woyeretsa madzi ndi wa mwini fakitale, osati wa mayi wotunga kumunsi. Yachitatu: munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo, ndipo ufulu umenewu ukhoza kukatetezedwa kukhoti.

Koma tinene zoona. Lamulo lolembedwa ndi khasu lopachikidwa padenga, silimalima lokha. Oyendera mafakitale ndi ochepa, dziko ndi lalikulu, kupima madzi kumafuna makina ndi ndalama, ndipo wothira poizoni amadziwa kuti usiku kapena pa nthawi ya mvula palibe amene angaone. Chindapusa chikachepa kuposa mtengo woyeretsera madzi, wamalonda wosaopa Mulungu amasankha chindapusa. Chimene chimadzutsa lamulo ndi anthu. Taonani nkhani ya majumbo. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, makampani adathamangira kukhoti, ndipo kwa zaka lamulolo lidangogona. Koma anthu ena, monga mayi Gloria Majiga-Kamoto amene adaona mbuzi za alimi zikufa ndi majumbo m'mimba, sadatope kulankhula, mpaka mu Julayi 2019 khoti lalikulu la apilo lidagamula kuti chiletsocho n'choyenera. Ngakhale pambuyo pake kukokanakokana kudapitirira. Inu amene muzinge mbuzi lero, mukatsegula chifu muyang'ane bwino. Ena mwa inu mupezamo jumbo, ndipo mudziwa kuti nkhaniyi si ya m'nyuzipepala chabe.

NANGA NTCHITO ZA ANA ATHU?

Tikudziwa kuti wina kumbuyoko akuti, "Amwalimu, inu mukukana mafakitale, chonsecho ana athu akuthera ku Joni chifukwa chosowa ntchito. Kuno ku Songani fakitale yake ili kuti?" Funso limeneli ndi labwino, ndipo tiliyankhe mosabisa. N'zoona, kuno kulibe mafakitale ngati a ku Makata. N'zoonanso kuti palibe banja pano limene lilibe mwana kapena mlamu ku South Africa, ndipo ifenso tikufuna ntchito zibwere pafupi. Sitikukana fakitale. Tikukana fakitale yopanda chimbudzi. Munthu akamanga nyumba yabwino ya malata koma osakumba chimbudzi, n'kumadzithandiza pakhomo pa mnzake, a mfumu amamuitanitsa. Fakitale nayo ili ndi chimbudzi chake, ndiwo maiwe ndi makina oyeretsera madzi asanatuluke.

Ndipo nthawi yabwino yolankhula ndi ino, fakitale isanabwere. Ikamangidwa, ana athu makumi asanu n'kulembedwa ntchito, pakamwa pathu padzalemera monga padalemerera pa anthu a ku Minamata. Tsono tsiku limene alendo adzafike kwa a mfumu ndi mapepala kudzapempha malo m'mbali mwa mtsinje, tisadzangofunsa za malipiro ndi mjigo umene adzatikumbire. Tidzafunse kuti: m'madzi anu otayawo mudzakhala chiyani? Mudzawayeretsa bwanji, ndipo mudzawathira pati? Chilolezo chanu chili kuti, tichione? Adzapima madziwo ndani, kangati pachaka, ndipo zotsatira tidzazimva kuti? Damu lanu likadzasefukira ndi mvula ngati ya namondwe Freddy wa mu 2023, adzalipira ndani? Mayankho ake alembedwe, ndipo kalata ina isungidwe kwa a mfumu. Paja safunsa adadya phula.

TISALOZE CHALA KUTALI KOKHA

Tsopano tibwerere ku kachigubu kaja. Fakitale yaikulu kuno kulibe, koma timafakitale ting'onoting'ono tilipo, ndipo eni ake ndife. Wa galaja amene amathira oyilo wakuda m'ngalande. Mnyamata wa kabaza amene amatsukira njinga yamoto pakati pa mtsinje. Mlimi wa tomato amene amatsukira sipuleya pamene anzake amatunga. Wokonza mabatire amene amakhuthulira asidi pansi n'kusungunula mtovu ana akuonerera. Msodzi waulesi amene amathira mankhwala a m'munda padziwe kuti atole nsomba zoyandama, n'kukagulitsa kwa m'bale wake. Aliyense amati changa n'chochepa. Koma Chilwa amalandira zonse, ndipo sabweza.

Choncho, m'malo mwa aphunzitsi a madrasa, tikupempha zinthu izi.

Lero lomwe, pozinga nyama, magazi ndi za m'chifu tisakatsukire mumtsinje. Titunge madzi, titsukire kumtunda, tikumbe dzenje mamita osachepera 30 kuchokera pamtsinje kapena pachitsime, tikwirire. Nsembe yathu isakhale matenda a mnansi wathu.

Chigubu kapena botolo la mankhwala a m'munda lisasungire madzi, mafuta ophikira, mchere kapena thobwa, ngakhale litatsukidwa kakhumi. Mankhwala akatha, tsukuluzani katatu, madzi otsukuluzawo muwathire mu sipuleya momwemo n'kupopera m'munda, kenaka boolani chigubucho kuti wina asachitole. Mukagula mankhwala, gulani okhala ndi pepala lake, osati othiridwa m'timabotolo topanda dzina. Alangizi a zaulimi alipo, tiwafunse.

Batire yakufa ya sola kapena ya galimoto isaphwanyidwe pakhomo, ndipo ana asaseweretse zam'kati mwake. Ibwezedwe yathunthu kwa ogula mabatire akale. Oyilo wakuda asungidwe m'chigubu chotseka, asathiridwe pansi. Ndipo mafuta osadziwika kumene achokera, ngakhale atchipe bwanji, asalowe m'chiwaya cha tchipisi.

Achinyamata amene mumapita kokumba golide, dziwani kuti mercury amene amaotchedwa kuti golide atsale amalowa m'mapapo mwanu ngati nthunzi, ndipo wotsalayo amapita mumtsinje. Ndalama idzatha, kunjenjemera kudzatsala.

Tikaona nsomba zafa zambiri nthawi imodzi, kapena madzi asintha mtundu, tisatole nsombazo ndipo tisamwetse ziweto. Tilembe tsiku, nthawi ndi malo. Amene ali ndi foni ajambule. Titunge madziwo m'botolo loyera n'kutseka. Tidziwitse a mfumu, mlangizi wa zaumoyo ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ndipo nkhaniyo ikafike kwa mkulu woona za chilengedwe ku khonsolo ya boma la Zomba. Tipite ndi kalata, ndipo tipite ambiri, limodzi ndi anansi athu a mipingo ina, chifukwa mtsinje sufunsa kuti wotungayo amapemphera Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu. Mutu umodzi susenza denga.

Pomaliza tikupempha a komiti kuti pakati pa achinyamata athu asankhepo anayi, anyamata awiri ndi atsikana awiri, oti kamodzi pamwezi aziyenda m'mbali mwa mtsinje kuyambira kumtunda kwa msika mpaka kumadimba, n'kumalemba m'kope zimene aona. Kope limenelo lizikhala ku mzikiti. Tsiku lina likhoza kudzakhala umboni.

MAWU OTSIRIZA

Abale ndi alongo, masiku ano abale athu amene ali ku Hajj ayenda pakati pa Swafa ndi Marwa, kukumbukira mayi Hajira amene adathamanga kasanu n'kawiri kufunira mwana wake madzi. Ife sitidathamangepo chotero. Tidabadwa madzi akutsika okha m'phiri, ndipo mwina n'chifukwa chake timawapeputsa. Agogo athu adatisiyira Domasi woti munthu n'kugwada n'kumwa ndi manja. Funso ndi lakuti ana awa akhala kutsogoloku tidzawasiyira wotani. Madzi akatayika saoleka, ndipo mtsinje ukalowa mtovu, mibadwo itatu ikhoza kudutsa usanayere.

Mwana wa kachigubu uja tidamupatsa botolo lina, ndipo tidakacheza ndi mayi ake. Mayiwo adatithokoza, kenaka adatifunsa kuti, "Nanga anzanga onse aja amene ali ndi zigubu zoterezi, awauza ndani?" Tidasowa chonena tsiku limenelo. Lero ndiye tawauza, ndipo inu amene mwamva mukauze amene sadabwere.

Pamene talakwitsa, kulakwako ndi kwathu, mutikhululukire. Allah alandire Swala zathu ndi nsembe zathu, achiritse odwala athu, awachitire chifundo amene adatsogola, awasunge ana athu amene ali kutali, ndipo atipatse mvula yabwino ndi madzi opanda choipa. Ameen.

Idi yabwino nonse. Pogawa nyama musaiwale amasiye ndi anansi.

Wassalaam Alaikum Warahmatullahi Wabarakaatuh.